Kagalu Katsopano Pakhomo: Funso Loyamba Lisakhale la Mtundu

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndipo alimi ayamba kulandira ndalama za thukuta lawo, m'midzi ya kwa Chulu mumalowa katundu watsopano. Wina amabwera ndi malata, wina njinga, wina wailesi. Masiku ano pa katundu ameneyu pawonjezeka chinthu china chimene makolo akale sadali kuchigula ndi ndalama zambiri. Chinthucho ndi kagalu ka m'katoni, kogulidwa m'mbali mwa msewu ku tauni, kamene wogulitsa adalumbira kuti ndi ka Chizungu ndipo kakadzakula kadzafika m'chiuno mwa munthu.

Kufuna galu si kulakwa ai. Munthu amene chigafa chake chadzaza fodya, kapena amene ali ndi khola la mbuzi kufupi ndi malire a nkhalango ya Kasungu National Park kumene afisi amatulukira usiku, ali ndi chifukwa chomveka chofunira mlonda wa miyendo inayi. Chimene chiyenera kukonzedwa ndi funso limene anthu amafunsa posankha galuyo. Pafupifupi aliyense amafunsa kuti, "Kodi ndi wa mtundu wanji?" Ndi ochepa kwambiri amene amafunsa kuti, "Kodi make adabayidwa katemera wa chiwewe?" Koma pa mafunso awiriwa, lachiwirilo ndilo lingathe kupulumutsa moyo wa mwana pakhomo.

Agalu a maina akuluakulu

Agalu amene anthu amawakhumbira ndi odziwika: German Shepherd, amene ena amamutcha Alsatian, Rottweiler ndi Boerboel. Ndi agalu okongola ndithu, ndipo pamene asamalidwa bwino amagwira ntchito yotamandika. Komabe mtundu uliwonse udakonzedwera dziko lake ndi ntchito yake. German Shepherd adakhazikitsidwa ku Germany m'chaka cha 1899 kuti aziweta nkhosa m'dziko lozizira, n'chifukwa chake ali ndi ubweya wambiri umene umamuvutitsa m'dzuwa la mwezi wa Okutobala ku Kasungu. Galu ameneyu amadziwikanso kuti sachedwa kugonja ku matenda obwera ndi nkhupakupa. Pa nkhondo ya ku Vietnam, m'zaka za m'ma 1960, asilikali a ku America adataya agalu ambiri ndi matenda a nkhupakupa, ndipo ochuluka mwa iwo adali a mtundu womwewu, ngakhale kuti adali ndi madokotala awoawo ndi chakudya chosasowa. Tiagalu ta Rottweiler nato timagwidwa msanga ndi matenda a parvo, otsegula m'mimba mwa magazi, amene adafalikira pa dziko lonse m'chaka cha 1978.

Kwa Chulu kuli mdani winanso. Kufupi ndi nkhalango kumapezeka kashembe, ntchentche yomwe ija imafalitsa matenda a kaodzera kwa anthu. Kashembe amadwalitsanso agalu. Galu amayamba kutentha thupi, kuonda, maso kuchita ng'ala, kenaka n'kufa, ndipo agalu ochokera kunja ndiwo amagwa msanga kuposa a konkuno.

Ndiye pali nkhani ya chakudya. Rottweiler wamphongo wamkulu amalemera pafupifupi makilogalamu 50, ndipo Boerboel amaposa pamenepo. Galu wotere sakhuta mkute. M'mwezi wa Meyi, ndalama za fodya zikadali m'thumba, mwini wake amamugulira nyama ndi mafupa. Nanga m'mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itatha ndipo ana akudya kamodzi pa tsiku? Walira mvula walira matope. Galu wamkulu wanjala amayamba kugwira nkhuku ndi mbuzi za anthu, milandu n'kumafika kwa a nyakwawa, ndipo akaluma mwana bala lake silifanana ndi la galu wamng'ono.

Kunena zoona, tiagalu tambiri togulitsidwa m'mbali mwa msewu si ta mtundu umene wogulitsa amatchula. Kagalu kalikonse ka masabata anayi kamakhala konenepa ndi ka ubweya wofewa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula saona make wa kagaluko, sadziwa mudzi umene kachokera, ndipo sadziwa ngati m'mudzimo mudadutsa galu wachiwewe sabata yathayo. Kagalu kangathe kutenga kachirombo ka chiwewe n'kukhala milungu ingapo kakuoneka kabwinobwino, kakusewera ndi ana, tsiku la matenda lisanafike.

Tsono galu wa makolo, uja wa ubweya waufupi, wa makutu osongoka ndi mchira wopindika, anthu amamupeputsa chifukwa choti amapezeka paliponse. Komatu galu ameneyu wakhala ndi anthu a kuno zaka mazanamazana, ndipo thupi lake lidazolowera dzuwa, nkhupakupa ndi chakudya cha pamudzi. Ku South Africa akatswiri adamupatsa dzina lakuti Africanis, ndipo m'chaka cha 1998 kudakhazikitsidwa bungwe loteteza mtunduwu. Ngakhale Rhodesian Ridgeback, amene malamulo a mtundu wake adalembedwa ku Bulawayo m'chaka cha 1922 ndipo lero amagulidwa ndalama zambiri ku Ulaya, mzere wa ubweya wa pamsana pake adautengera kwa agalu a makolo a kumwera kwa Africa. Ntchito yaikulu ya galu pakhomo ndi kumva msanga ndi kuuwa kuti anthu adzuke. Ntchito imeneyi galu wa makolo wodyetsedwa bwino amaitha mosapereweza. Pa mudzi ngati wa kwa Chulu, iyeyu ndiye woyenera mabanja ambiri.

Chiwewe sichisankha mtundu

Kachirombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kamalowa m'thupi la munthu kudzera pa bala la kulumidwa, pa zikande, kapena galu akanyambita chilonda, m'maso kapena m'kamwa. Kakalowa kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu kawirikawiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale kuti nthawi zina umatha m'sabata imodzi, nthawi zina chaka. Bala likakhala kumaso, kumutu kapena m'khosi, njira imafupika. Apa ndi pamene pali tsoka la ana, popeza msinkhu wawo umaika nkhope zawo pafupi ndi kamwa la galu.

Kachiromboka kakafika ku ubongo, wodwala amayamba kutentha thupi, kusokonezeka mutu, kutuluka dovu ndi kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu loopsa. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, palibe chipatala chimene chingamuchiritse, kaya ku Kasungu, ku Lilongwe kapena ku London. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewa amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15.

M'Malawi muno imfa zambiri za chiwewe sizilembedwa m'mabuku, chifukwa ena amafera kumudzi ndipo abale amati kudali kulodzedwa. Ngakhale m'chipatala matendawa amatha kubisala. Madokotala a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adafalitsa m'chaka cha 2007 zimene adapeza atafufuza ana 133 amene adamwalira ndi matenda okhudza ubongo. Ana 14 mwa iwo adaphedwa ndi chiwewe. Mwa ana 26 amene poyamba ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a m'bongo, atatu adapezeka kuti chidali chiwewe.

Nkhani ya ku Blantyre idapitirira, ndipo kupitirira kwake n'kolimbikitsa. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzindawo pa masiku 20 okha, ndipo ntchitoyo idabwerezedwa m'zaka zotsatira. Chiwerengero cha ana ofika pa chipatala cha Queen Elizabeth ndi chiwewe chidatsika kwambiri. Obaya katemerawo sadafunse mtundu wa galu aliyense. Wa ku mpanda wa njerwa ndi wa ku Ndirande adalandira jekeseni yofanana. Akatswiri amati agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, kachiromboka kamasowa kolowera ndipo matenda amazilala okha. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu wosabayitsa galu wake sadzilakwira yekha. Amatsegula chipata cha mudzi wonse.

Masabata oyamba a kagalu

Banja limene latsimikiza zokhala ndi galu lichita bwino kutenga kagalu pa khomo lodziwika, pamene make akuoneka ndi maso ndipo mwini wake angathe kuonetsa chikalata cha katemera. Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwanitse masabata asanu ndi atatu. Mkaka wa make umakateteza ku matenda, ndiponso posewera ndi tinzake ndi pamene kamaphunzira kuti kuluma kumapweteka. Kagalu kolandidwa kwa make msanga kamakula kamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma anthu popanda chifukwa.

Pali mwambo wina wokondweretsa wa kuno kwathu, wopatsa galu dzina lokhala ndi uthenga. Mayi amene watopa ndi miseche ya anansi amatcha galu wake Alekeni kapena Zilikwainu, ndipo akamamuitana madzulo mudzi wonse umamva. Zimenezo n'zabwino, bola tsiku lopereka dzinalo likhalenso tsiku lofunsa kwa mlangizi wa ziweto za katemera. Mwa nthawi zonse kagalu kamabayidwa katemera wa chiwewe kakakwana miyezi itatu, kenaka chaka chilichonse. Koma pa nthawi imene a ziweto alengeza katemera wa agalu onse m'dera, tiagalu tating'ono nato tiyenera kupita, ngakhale tisanakwane miyezi itatuyo. WHO imalangiza motero m'maiko amene chiwewe n'chofala, ndipo katemerayo amadzabwerezedwa pambuyo pake. Anthu ambiri amasiya tiagalu kunyumba poganiza kuti jekeseni itipha, kapena kuti galu wobayidwa amasiya kulusa ndi kusaka. Zonsezi n'zabodza. Ndipo kagalu ndiko kamene ana amakanyamula, kukapsompsona ndi kugona nako pa mphasa. Kakaluma, bala lake limakhala laling'ono ngati la minga, kotero kuti palibe amene amaliwerengera.

Chinthu chachiwiri ndi njoka za m'mimba. Tiagalu tambiri timabadwa tiri nazo kale, chifukwa zimachokera kwa make tikadali m'mimba. Kagalu kotupa mimba, kowuma ubweya, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli. Mazira a njokazi amatuluka m'chimbudzi cha galu ndi kukhala m'dothi la pabwalo pomwe mwana akukwawa ndi kuika zala m'kamwa. M'thupi la mwana timphutsi take timayendayenda mpaka ku chiwindi, nthawi zina mpaka m'diso n'kuliwononga. Komatu pali mwayi. Mazirawa sakhala oopsa tsiku lomwe atuluka ai. Amafuna milungu iwiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti akhwime. Choncho munthu wochotsa chimbudzi cha galu ndi khasu m'mawa uliwonse, n'kukachitaya m'chimbudzi cha anthu kapena kuchikwirira mozama, wadula matendawa pakati. Mankhwala a njoka amayambidwa kagalu kali ndi masabata awiri, amabwerezedwa pakapita masabata awiri alionse mpaka miyezi itatu, ndipo galu wamkulu apatsidwe kamodzi pa miyezi itatu. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha kusewera ndi galu, ndipo galu akhale ndi mbale yake, asanyambite mbale za anthu.

Chakudya sichivuta monga anthu amaganizira. Phala la madeya kapena mkute wosakaniza ndi mitu ya usipa, nyemba zotsala kapena msuzi wa ndiwo ndi zokwanira kwa galu wa makolo. Kagalu kadye katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo madzi abwino asasowe. Galu wosiyidwa kuti adzifunire yekha ndiye amayendayenda m'midzi, kumene amakumana ndi agalu odwala.

M'dera la fodya muli ngozi ina imene iyenera kutchulidwa poyera. Alimi ena, poona nthata ndi nkhupakupa pa galu, amamusambitsa ndi mankhwala opopera fodya kapena a ku nazale. Mankhwala amenewa amalowa pakhungu. Amapha kagalu, ndipo mwana amene wakakumbatira pambuyo pake angathe kudwala kwambiri. Mankhwala oyenera agalu afunsidwe kwa mlangizi wa ziweto. Fodya weniweniyo nayenso ndi poizoni kwa kagalu kamene kamatafuna chilichonse. Kakadya masamba ogwa m'chigafa kamasanza, kunjenjemera ndi kutuluka dovu, mwakuti anthu angathe kukaganizira chiwewe.

Za kulusa nazo zinenedwe. Alipo amene amatsekera galu m'kanyumba ka mdima usana wonse, kumumanga pa unyolo waufupi, kumumenya, kapena kumudyetsa tsabola ndi chamba kuti akhale wolusa. Galu wotere sadziwa kusiyanitsa mbala ndi mwana wa mlongo wa mwini nyumba amene wabwera kudzacheza. Kagalu kazolowere anthu a pakhomo, ana ndi ziweto m'miyezi yake itatu yoyamba. Kuuwa mlendo usiku kadzakudziwa kokha. Ana nawonso aphunzitsidwe kuti galu sasokonezedwa pamene akudya, akugona kapena akuyamwitsa, ndiponso kuti galu wachilendo akawathamangira aime chilili osathawa.

Munthu akalumidwa

Chithandizo choyamba sichiri ku chipatala koma pakhomo pomwepo. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri othiridwa mosalekeza kwa mphindi 15. Mphindi 15 ndi nthawi yaitali, ndipo ambiri amaleka pa mphindi ziwiri. Koma sopo amaphwanya kachiromboka ndipo madzi amakakokolola kasanalowe m'mitsempha. Pabalapo pasathiridwe phulusa, mchere, tsabola kapena zitsamba, ndipo pasamangidwe molimba. Kenaka wolumidwayo apite ku chipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti aone ngati bala litupa. A pa chipatala cha Chulu adzaona balalo ndi kunena kumene katemera wa anthu akupezeka, ngakhale kutakhala ku chipatala chachikulu cha ku Kasungu boma. Ulendowo ndi wautali ndipo umadya ndalama, makamaka nthawi ya dzinja, koma katemera wolandiridwa zizindikiro zisanayambe amateteza pafupifupi aliyense. Woyamba kupulumutsidwa motere adali mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, Joseph Meister, amene Louis Pasteur adamupatsa katemera ku Paris m'mwezi wa Julaye 1885. Katemerayu si wa tsiku limodzi. Masiku onse amene achipatala alemba akwaniritsidwe, ngakhale bala litapola.

Galu wolumayo, ngati ndi wodziwika ndipo angathe kugwidwa popanda ngozi, atsekeredwe payekha masiku khumi akupatsidwa chakudya ndi madzi, ndipo mlangizi wa ziweto adziwitsidwe. Galu amene adali ndi chiwewe m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa masiku khumiwo asanathe. Koma wolumidwa asakhale pakhomo kudikira masikuwo. Achipatala ndiwo anganene ngati katemera apitirire kapena ai. Apa ndi pamene chikalata cha katemera wa galu chimathandiza, motero chisungidwe bwino pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a banja.

Makolo adziwenso kuti galu wachiwewe si uja yekha wothamanga ndi kuluma mitengo. Wina amangofooka, kubisala pa mdima, chibwano chiri lende, dovu likutuluka, ngati kuti fupa lamukola pakhosi. Anthu achifundo amapisa dzanja m'kamwa mwake kuti achotse fupalo, n'kutenga matenda. Ndiponso mwana amene walumidwa kapena kukandidwa asakalipiridwe. Mwana woopa mkwapulo amabisa bala, ndipo makolo amadzalidziwa patapita miyezi iwiri, nthawi itatha.

Kupha agalu si mankhwala

Chiwewe chikabuka m'mudzi, anthu amakwiya ndi kuyamba kupha galu aliyense amene amuona. Mkwiyowo ndi womveka, koma njirayo idayesedwa m'maiko ambiri ndipo siidathetse matendawa. Agalu osavuta kuwagwira ndi omwe aja oweteka, amene mwina adabayidwa kale. Akaphedwa, eni ake amakatenga tiagalu tina tosabayidwa ku midzi ina, ndipo mudzi umakhala pa ngozi yoposa kale. Chofunika n'chakuti agalu asachuluke kuposa amene anthu angathe kuwasamala. Galu wamphongo angathe kufulidwa, ndipo wamkazi angathe kuchitidwa opaleshoni ndi dokotala wa ziweto kuti asaberekenso.

Kwa Chulu kuli zifukwa ziwiri zapadera zokhalira tcheru. Choyamba ndi nkhalango. Kulowa ndi agalu m'paki kukasaka n'koletsedwa ndi lamulo, komanso kumeneko galu amalumana ndi nkhandwe ndi afisi, amene nawonso amadwala chiwewe, ndipo amalumidwa ndi kashembe. Matenda amayenda mbali zonse ziwiri: galu wa kumudzi amawapereka kwa nyama za m'tchire, nyamazo n'kudzawabwezera kumudzi.

Chachiwiri ndi anthu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Ambiri amaweta galu m'miyezi imene ali kuno, koma fodya akagulitsidwa amakwera galimoto kubwerera kwawo, galu n'kutsala pa msasa wopanda munthu. Agalu amenewa ndiwo amasanduka osokera, ndipo pa tsiku la katemera palibe wowagwira. Eni minda ndi a nyakwawa angathe kugwirizana kuti munthu asanasamuke anene amene wamusiyira galu wake. Angathenso kupempha mlangizi wa ziweto kuti tsiku la katemera lilengezedwe ku matchalitchi, ku mizikiti, ku sikelo ya ana ndi ku sukulu, makamaka pamene likuyandikira tsiku la 28 Sepitembala, limene chaka ndi chaka maiko amakumbukira za chiwewe. Tsikulo likagwa Loweruka kapena pa tchuthi zimathandiza, popeza m'midzi yambiri ana a sukulu ndiwo amadziwana ndi agalu ndipo ndiwo amawatsogolera ku katemera, akuluakulu pa chingwe, tating'ono m'dengu.